Ndinadinda Chala Kuti Amuchotse Impso

Chotupacho ndinachipeza ndine, ndi dzanja langa lomweli, ndikumusambitsa mwana kuseri kwa boyi kota ku Area 12. Anali ndi zaka zinayi, kamtsikana kolongolola kotengera amake. Ndikumupaka sopo pamimba, chikhatho changa chinagunda chinthu cholimba kumanzere, kunsi kwa nthiti, chachikulu ngati mango a boloma. Ndinadinikiza, iye n'kuyamba kuseka, ati ndikumugirigisha. Sichinkamupweteka ngakhale pang'ono, ndipo n'chimene chinatipusitsa tonse. Ife tinakula tikudziwa kuti mwana wodwala amalira, pamene uyu ankangothamangitsa nkhuku za eni ake.

Zimenezi zinachitika nthawi imene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Mudzi wathu unali pamene pali maofesi a ku City Centre paja. Mukhoza kuseka, koma mtengo wa mango umene mabwana ankalimbirana kuimikapo magalimoto, ine ndinaukwera ndisanadziwe n'kuvala komwe. Atabwera anthu oyeza malo ndi zikhomo zawo, mbumba yathu yonse inasamutsidwira kumalo atsopano, ulendo wa tsiku lathunthu pa ngolo. Ine ndi amuna anga tinatsalira m'tauni. Iwo anapeza ntchito yosamala maluwa kwa bwana wina wa boma wochokera ku Zomba, kumeta mpanda ndi kuthirira kapinga. Udzu ndithu, munthu wamkulu ndi ndevu zake kumathirira udzu m'chilimwe. Ine ndinkagulitsa matimati ndi mpiru ku Msika wa Lilongwe, mwana ali pambali panga.

Amayi anzanga a mumsika atachigwiragwira chotupacho anagwirizana onse kuti ndi kapamba. Mwana wanji wa kuno amene sanatupepo kapamba ndi malungo? Mayi wina wogulitsa usipa pafupi nane anabwera ndi lezala ndi kabotolo ka mankhwala akuda, n'kumutema mphini zisanu pamwamba pake. Mphini zinapola bwinobwino, chotupa chili pompo, chikungokula. Diresi yake ya kutchalitchi inayamba kukana kutseka, pamene manja ndi miyendo zikuonda. Kenaka m'mawa wina anakodza m'chitini chimene tinkasunga m'nyumba, ndipo pokataya ndinaona kuti mkodzo ndi wofiira ngati madzi otsukira nyama. Tsiku limenelo matimati anavundira m'dengu. Ndinamubereka, ulendo wa ku chipatala chachikulu.

Ndinene pano kuti uyu sanali mwana wanga woyamba. Ndinali nditaika kale awiri kumudzi wakale uja, wina wa chikuku, wina wa kutsegula m'mimba, ndipo onse awiri anapita ine ndikudikira kuti akuluakulu akhale pansi aone chochita. Ndinali mkazi womvera nthawi imeneyo, wogwada polankhula, woyamikiridwa ndi mudzi wonse. Chimene kumverako kunandipatsa ndi timitumbira tiwiri timene pano tazingidwa ndi misewu ya tala.

Kuchipatala tinayendako masiku angapo, lero pamzere uwu, mawa pamzere uwo. Anamubaya mankhwala mumtsempha n'kumujambula kangapo, ndipo pamapeto pake anatilowetsa kwa dokotala wina wakunja, wamtali, wa cheya m'mikono monse. Amene ankatanthauzira anali bambo wina wachikulire wothandizira dokotala, Mchewa mnzathu wolankhula mosathamanga. Dokotala anakweza chithunzi chakuda pawindo n'kumaloza ndi cholembera. Ati munthu ali ndi impso ziwiri. Zimenezo ndinkazidziwa kale, mbuzi ndatumbulapo ine. Ati yakumanja ili bwino, koma yakumanzere yamera chotupa chimene amachitcha khansa, ndipo si kapamba ayi. Mankhwala ake n'kuchotsa impso yonseyo pamodzi ndi chotupacho, chifukwa munthu amakhala bwinobwino ndi imodzi. Chikasiyidwa chimayenda mpaka m'mapapo, ndipo chikafika kumeneko mpeni sungachipezenso.

Ine sindizungulira polankhula. Ndinafunsa kuti akachotsa, mwana wanga achira? Bambo aja anatanthauzira, dokotala n'kundiyang'ana m'maso. Anati sangalumbire. Ena amachira, ena chimabwereranso, ndipo alipo ena amene sadzuka pa tebulo pomwepo. Koma mwa amene anawasiya nacho, iye sanaonepo wopulumuka. Ndinamukonda munthu ameneyo chifukwa chosandinyengerera ngati mwana. Anati opaleshoni ikhale Lachiwiri la sabata yotsatira, n'kutulutsa pepala, ati ndibwere ndi bambo a mwana adzasaine.

Amuna anga ndinawapeza ali pa mpanda ndi chisizasi chawo. Anamvetsera zonse, anaika chisizasi pansi, misozi n'kumatsika, pakuti mwanayo ankamukonda kuposa mmene ndinganenere. Koma nditafika pa nkhani ya pepala anapukusa mutu.

"Amake mwana, ine ndinangobereka. Mwanayu ali ndi eni ake."

Amene munabadwira m'tauni simungamve msanga. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwamuna amadzakhala mkamwini, amalima, amabereka, koma mwana akadwala kwambiri, akafuna kukwatiwa, akamwalira, wolamula ndi atsibweni ake, mlongo wa amake, mwinimbumba. Ndipo amuna anga anali ndi mantha ena amene anachita kunong'ona, akuyang'ana ku khitchini kwa adona, akazi a bwana uja. Ati iwo akasaina, mwana n'kufa atachotsedwa chiwalo, kumudzi adzanena kuti mkamwini wapita m'tauni n'kugulitsa impso ya mwana kuti akhwime. Mlandu wotero sutha, umatsata munthu mpaka kumanda. Zoona zake sankanama. Koma ine tsiku limenelo sindinkafuna zomveka, ndinkafuna munthu wogwira cholembera. Ndinawauza kuti ngati ntchito ya mwamuna ndi kubereka basi, ndiye tambala wa adona akuwaposa, chifukwa iye amalirako m'mawa. Zina zimene ndinanena sindingazilembe pano. M'mamawa mwake ndinawasiyira mwana n'kukwera lole ya njerwa yolowera kwathu.

Kumalo atsopanoko kunali mbee, kopanda ndi mthunzi womwe, nyumba zonse za udzu watsopano. Alongo anga ndinawapeza akumanga chigafa cha fodya. Musawaganizire ngati munthu wankhanza ayi. Anali munthu wa nthabwala, woimba besi m'kwaya, ndipo ndi amene anandilera amayi athu atamwalira. Atandiona anayamba kundiseka kuti dona wa m'tauni wabwera wapansi, kodi galimoto yathera mafuta pati? Nditawauza chimene ndadzera, nthabwala zinathera pomwepo. Anatsika pa chigafa, anaitana akulu anga ndi amayi aang'ono, tonse n'kukhala pansi kuseri kwa nkhokwe.

Alongo angawo anayamba kutokosa pansi ndi kamtengo. Kenaka anakana. Ati Mulungu anaika impso ziwiri ndipo sanalakwitse kuwerenga. Ati iwo sanamvepo kuti mwana wamng'ono chotero anang'ambidwa pamimba n'kudzukanso. Ati ndibwere naye kumudzi, kuli munthu wodziwa mitengo ya zotupa, akulu a mpingo adzapemphera, ndipo ngati Mwini wake wamuitana, apite ali wathunthu, pakati pa abale ake, osati pa tebulo la alendo ngati nyama ya pa butchala. Atafika pamenepo anandiyang'ana n'kufunsa.

"Mzinda umenewu watidyera minda, watitsekera manda a amayi athu. Tsopano uyambe kudya ndi ana omwe, ine n'kuvomereza?"

Akulu anga ndi amayi aang'ono ankangoti ee, ee, mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ine magazi anawira. Ndinali nditagwada monga mwa mwambo, koma ndinadzuka n'kuimirira, chinthu chimene sindinachitepo pamaso pawo chibadwire. Ndinawakumbutsa kuti mawu a akuluakulu ndinawagoneka kawiri, ndipo kawiri konse ndinadzuka n'kupeza mwana wazizira. Ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mmene munatuluka mwanayu ndi mwanga, si mwa munthu wina aliyense wakhala panoyu. Amayi aang'ono anagwira pakamwa. Alongo anga anataya kamtengo kaja n'kuimirira nawonso.

"Iwe, ukadumpha mawu anga, mwana akafa maliro ukaike wekha. Pano pasadzabwere uthenga."

Mawu amenewo kwa munthu wa kwathu ndi olemera kuposa kumenyedwa. Maliro opanda abale ndi a galu. Akulu anga anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi ndipepese, ndidye kaye, mtima utsike. Sindinadye, ngakhale madzi awo sindinamwe. Ndinayenda mpaka pamsewu ndikulira mokweza ngati wamisala. Ndinkalira chifukwa cha mkwiyo, komanso chifukwa choti alongo angawo ndinkawakonda.

Lole yobwerera inanditsitsa ku City Centre dzuwa litapendeka. Paliponse panali phokoso la makina osakaniza simenti, amuna ali m'mwamba pa nsanja, fumbi lofiira lili koboo. Ndinadzera pa kankhalango ka manda athu akale, kamene omanga anakasiya pakati pa misewu iwiri. Mkazi salowa kumanda yekha popanda maliro, ndiye ndinaima kunja, m'mphepete mwa ngalande, n'kuwauza ana anga awiri aja kuti mng'ono wawo asamudikire, sakubwera. Kalaliki wina wa tayi, ataona mayi wa fumbi akulankhula ndi mitengo, anaima n'kundifunsa mwaulemu ngati ndasochera. Ndinamuuza kuti wosochera ndi iyeyo, ine ndaima pakhomo pa amayi anga. Anathawa osacheuka, ndipo anali wosalakwa mwana wa eni ake.

Loweruka ndinapita kumsika kukapempha anzanga kuti andisungire malo. Nkhani inali itandidutsa kale panjira. Wa usipa uja ati chotupa chikaona mpeni chimakwiya n'kubalalika thupi lonse. Wina ati alendowo amatenga ziwalo za ana kupita nazo kwawo. Wina ati mkazi wodumpha mlongo wake sakalamba bwino. Aliyense anali dokotala tsiku limenelo, ngakhale wogulitsa zipande. Mayi mmodzi yekha wa miphika, amene sitinkachezerana n'komwe, anandiitanira kuseri kwa katundu wake, anakweza bulauzi n'kundionetsa chipsera chachitali chotsika pamchombo. Anati iyenso anang'ambidwa pobereka, ndipo ndi uyu akudya mpaka lero. Sananene kuti ndichite chakuti, anangotsitsa bulauzi n'kubwerera ku miphika yake.

Adona a ku Zomba aja atamva nkhaniyi kwa amuna anga, anandiitana pakhonde Lamulungu titachoka kutchalitchi. Anali mayi wabwino ndithu, ankatipatsa zovala zowachepera ana awo, koma anayamba ndi kuseka, ati anthu a kuno ndi zamakedzana zanuzi, mpaka mwana afe chifukwa cha malume wosapita kusukulu? Ha, anaponda pa moto. Mkwiyo umene ndinachoka nawo kumudzi unatembenukira iwo. Ndinawauza kuti alongo anga ndiwatukwana ndekha, sindifuna wondithandiza, ndipo nyumba imene akukhalamoyi yamangidwa pamene tinkatola nkhuni ife osapita kusukulufe. Amuna anga anatsala pang'ono kukomoka kuseri kwa maluwa, akuona ntchito ikuuluka. Koma Lolemba m'mawa adonawo anatuma dalaivala kuti atiperekeze kuchipatala.

Choipa n'chakuti m'mawa umenewo mwana anadzuka bwino kuposa masiku onse. Anamwa phala lonse, anaimba m'galimoto, akuwerenga njinga zimene tinkazipitirira. Ndinamuyang'ana n'kudzifunsa kuti kodi ndikupita naye kuti mwana woseka chonchi? Dalaivala akanangondifunsa kuti tibwerere, sindikudziwa chimene ndikanayankha. Mwayi wake anali munthu wosalankhula.

Ndinalowa ndekha ndi mwana. Bambo otanthauzira aja anayang'ana kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti bambo ake ali kuti. Ndinali nditaganiza zonama kuti ali ku Joni kapena kuti anamwalira, koma bodza linandikanira pakhosi. Ndinawauza momwe zinalili, kuti bambo ake akuti mwana ndi wa atsibweni ake, ndipo atsibweni ake akana. Kenaka ndinawafunsa.

"Nanga amene anamva zowawa pomubereka, pepala lanulo silimudziwa?"

Bambo aja anavula magalasi. Iwo anali munthu wa konkuno, ankadziwa bwino chimene ndikunena, ndipo anatsitsa mawu n'kundifunsa ngati ndikudziwa katundu amene ndikudzisenzetsa. Ati zikalakwika, dokotala tsiku lina adzakwera ndege kubwerera kwawo, pepala lidzalowa m'kabati, koma ine ndidzatsala ndi mbiri ya mayi amene anapereka mwana wake ku mpeni. Ndinati ndikudziwa, ndipo mbiri imeneyo ndiisenza, kusiyana n'kukhala ndi mbiri yabwino ndi mitumbira itatu. Analowa kwa dokotala, anakhalitsako pang'ono, n'kutuluka ndi kabokosi ka inki. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kulemba, sukulu ya kwacha ndinalowa ndili ndi imvi kale. Anandigwira chala chachikulu kuti andidinditse, ine n'kuchotsa dzanja lawo. Ndinadinda ndekha, mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Ndisaname, nditatuluka ndinakasanza kuseri kwa wodi.

Masana ake amuna anga anabwera atavala jekete la kutchalitchi. Anamwino anali atanena kuti pafunika magazi oti adzamuwonjezere mwana, ndipo anthu ambiri masiku amenewo ankathawa akamva za kupereka magazi. Iwo anapinda mkono wa malaya osafunsa kawiri, ati magazi ndi awo, sakachita kuwapempha kwa alamu awo. Ndinawakhululukira theka la zimene ndinawasungira. Koma thekalo linabwerera pomwepo atandiuza kuti atuma uthenga kumudzi, kudzera kwa bambo wina wa kwathu wogulitsa nkhuni pa njinga, kuti mwana amung'amba Lachiwiri. Ndinawakalipira pamaso pa anthu, kuti kodi sanamve kuti kumeneko akana uthenga? Anayankha mofatsa kuti kukana n'kwa alamu awo, koma kubisa kungakhale kwa iwo, ndipo mkamwini sabisa chinthu chotero.

Lachiwiri m'mawa anamuletsa kudya. Analirira tiyi, analirira chigumu, n'kunditcha mayi woipa, ine ndikungoti inde, ndine woipa, gona. Atamuika pa kabedi ka matayala anandigwira chala mpaka pachitseko cha fiyeta, pamene anamwino anatilekanitsa. Tinakhala pakhonde ine ndi amuna anga, dzuwa likusuntha pa simenti kuchoka kumapazi kwathu mpaka kukafika pakhoma. Iwo ankapemphera monga anaphunzirira, maso otseka, manja pamodzi. Ine sindinapemphere mwaulemu ayi. Ndinkakangana naye Mulungu, kumuuza kuti awiri anatenga kale ndipo sindinamufunse kanthu, uyu andisiyire.

Chakumadzulo bambo otanthauzira aja anatiitanira m'kachipinda n'kuvundukula beseni. Chinali chinthu chonyansa, chachikulu ngati papaya, impso yeniyeniyo itangotsala kachidutswa m'mbali. Amuna anga anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kufunsa kuti chipita kuti tsopano, kuti adzakhale ndi chonena akadzafunsidwa kumudzi. Anawauza kuti chiikidwa m'botolo la mankhwala chikapimidwe. Ine ndinangochiloza n'kuchifunsa ngati ndi chomwechi chinkafuna kundidyera mwana. Bambo aja anaseka koyamba chiwadziwireni, n'kutiuza kuti mwana akupuma yekha.

Anadzuka ali ndi chipaipi m'mphuno, diripi pamkono, ndi kapaipi kena kotsikira m'botolo pansi pa bedi. Anamwino anandiuza kuti ndiziyang'ana botolo limenelo, chifukwa ndi limene linene ngati impso yotsalayo yavomera kugwira ntchito ya ziwiri. Abale inu, sindinadikirepo chinthu ngati mmene ndinadikirira mkodzo umenewo. Utayamba kudontha, poyamba wofiirira, kenaka wachikasu bwinobwino, ndinaitana amayi onse a m'wodi kuti adzaone. Anabwera ndithu, ndipo palibe amene anaseka.

Lachinayi chakumasana, mayi wina wodikira mwana wake pa bedi loyandikana nafe anabwera kuchokera kunja n'kumanena kuti pageti paima ngolo ya ng'ombe, alonda akukangana ndi eni ake kuti ndowe zisagwere pa tala watsopano. Ati mmodzi mwa anthuwo walowa, akufunsa njira ya ku nyumba ya chisoni. Mtima unandiuza ndisanaone n'komwe. Ndinatuluka, ndipo ndinawapeza ataima pakati pa bwalo, fumbi mpaka m'nsidze, maso ali psuu. Anali alongo anga. M'khwapa anapanira mphasa yatsopano yokulunga bwino, m'dzanja muli nsalu yoyera ya bafuta. Masiku amenewo mwana kumudzi sankamukhomera bokosi, ankamukulunga m'zimenezo.

Uthenga uja utawafika kuti mwana amung'amba, iwo sanadikire wachiwiri. Kwa iwo kung'ambidwa ndi kufa chinali chinthu chimodzi. Anabwereka ng'ombe, anatenga amuna awiri, n'kuyenda ulendo wonse uja, munthu yemweyo amene anati maliro ndikaike ndekha. Ku nyumba ya chisoni anali atafikako kale, ndipo atawauza kuti kulibe mwana wotero, anaganiza kuti mwina thupi likadali ku wodi.

"Mlongo wanga, zija zinali za mkwiyo. Ndadzatenga mwana wathu. Amugoneka kuti?"

Masiku onse aja ndinali nditakonza mawu oti ndidzawalase nawo, mawu akuthwa, ndinkawanola ndikuchapa pa mpopi. Onse anathawa. Koma ndivomere tchimo langa, sindinawauze. Ndinkafuna ayende mtunda umenewo ndi miyendo yawo, monga ndinayendera ine pochoka kwawo. Ndinangoti tiyeni. Ananditsata m'khonde lalitali lija atavula chipewa, akukoka mapazi, atayamba kale nyimbo ya maliro chapansipansi.

Titalowa m'wodi ya ana, amayi onse anaona mphasa ndi bafuta, ndipo phokoso linati zii. Aliyense m'menemo ankadziwa ntchito ya zinthu zimenezo, ndipo aliyense ankaziopa. Mwana wanga anali atamutsamiritsa pa pilo, chipaipi cha m'mphuno atachichotsa m'mawa womwewo, milomo ili youma. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuwazindikira.

"Atsibweni, mwandibweretsera chiyani?"

Alongo anga anaima chilili. Anayesa kubisa mphasa kumbuyo, koma mphasa sibisika, inkatulukira uku ndi uku. Ndinaona kuti mwana wayamba kuyang'anitsitsa chinthucho, ndipo sindinafune kuti wina aliyense m'wodimo amuuze ntchito yake. Ndinawalanda mphasa ija, ndinamasula luzi, n'kuiyala pansi pa bedi, pamene ndinakhala ndikugona pa simenti yokhayokha chilowereni.

"Akubweretsera mphasa yoti amako azigonapo. Wawaona atsibweni ako kukoma mtima? Nsaluyi ndi ya diresi yako."

Iwo anangokhala pansi pomwepo, m'njira ya anamwino, chipewa chili kumaso, mapewa akugwedezeka. Sanapepese, inenso sindinapepese, ndipo mpaka anamwalira palibe anapepesa mnzake. Ngolo inabwerera yopanda kanthu. Mphasa ija ndinagonapo ine masabata onse a jakisoni amene anamuthothola mwana tsitsi, ndipo titatuluka ndinapita ndi bafuta uja kwa telala wa pakhonde ku Area 1. Ndinamuuza kuti asoke yokulirapo, apinde m'munsi kawiri. Mwana anaivala diresiyo mpaka inamuchepera.